Mafunso ndi mayankho: kufufuza vuto la magetsi pa tizitseko ta mpweya ta m'manifodi ya injini

Nyali ya injini ikayaka pa dashibodi, makina owerengera makhodi n'kuonetsa nambala yapakati pa P2004 ndi P2023, mwini galimoto amauzidwa kawirikawiri kuti agule manifodi yatsopano. Nthawi zina chiweruzo chimenechi chimakhala choona, koma sichiyenera kuperekedwa mawaya asanayezedwe. Mayankho ali m'munsimu akulongosola mmene vutoli limafufuzidwira, ndipo akhudza kwambiri mbali ya magetsi.

Kodi tizitseko timeneti n'tachiyani?

Manifodi ndi chigawo chimene chimagawa mpweya kupita ku silinda iliyonse kudzera m'timapaipi take. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono imakoka mpweya wochepa, ndipo mpweyawo umayenda mwaulesi ngati njira ili yotambalala, moti susakanikirana bwino ndi mafuta. Opanga injini anaika tizitseko m'timapaipito kuti njira izichepa pa nthawi yotereyi, mpweya uzilowa mwaliwiro ndiponso mozungulira. Injini ikathamanga, tizitsekoto timatseguka kuti mpweya ulowe wochuluka. Pa injini zina kachitseko sikachepetsa njira, koma kamasankha pakati pa njira yaitali ndi yaifupi.

Ford imatchula dongosololi kuti IMRC, dzina limene limapezekanso m'matanthauzo a makhodi. Toyota ili ndi ACIS, BMW ili ndi DISA, ndipo pa injini za dizilo tizitsekoto timatchedwa swirl flaps. Mayina ndi ambiri, koma kafufuzidwe ka magetsi ake n'kofanana kwambiri.

N'chiyani chimatsegula ndi kutseka tizitsekoto?

Pali njira ziwiri, ndipo munthu ayenera kudziwa imene ili pa galimoto yake asanagwire chida chilichonse. Njira yoyamba imagwiritsa ntchito vakyumu, ndiko kuti mphamvu yoyamwa mpweya: kompyuta ya injini imayatsa solenoid ya mawaya awiri (kavalavu kotsegulidwa ndi magetsi), solenoid imalola vakyumu kupita ku kachitini kokhala ndi mphira mkati, mphirawo umakoka kamkono, kamkono n'kutembenuza shafiti imene tizitseko tamangidwapo. Njira yachiwiri ndi ya mota yaing'ono ya magetsi imene imatembenuza shafitiyo kudzera m'magiya apulasitiki. Pa injini zambiri pamakhalanso sensa youza kompyuta pamene tizitseko tafika.

Apa mpamene vuto limabisala. Kompyuta siona tizitseko ndi maso. Chimene imadziwa ndi mphamvu ya magetsi imene ili pa mawaya obwera kwa iyo. Zonse zimene imanena imazitenga pamenepo.

Ndingadziwe bwanji kuti dongosololi lavuta?

Tizitseko tikakanirira kotseka, galimoto imayenda bwino poyambira, koma imasowa mphamvu ikafika pothamanga kapena pokwera chitunda, ngati munthu wotsekeka mphuno. Tikakanirira kotsegula, injini imatha kunjenjemera ikangoyatsidwa kuli kozizira, kapena kuzengereza ponyamuka, ndipo mafuta amatha msanga pang'ono. Galimoto zina sizisonyeza kanthu kupatula nyaliyo. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za mavuto ena ambiri, choncho pazokha sizokwanira kugamulira.

Kodi makhodi amenewa amatanthauza chiyani?

Makhodi oyamba ndi P2 pa gulu ili ndi a dongosolo la OBD-II, limene linakhazikitsidwa pa galimoto zogulitsidwa ku United States kuyambira 1996, ndipo ku Ulaya linafika pa galimoto za petulo mu 2001 ndi dzina la EOBD. N'chifukwa chake tanthauzo la nambalazi limakhala lofanana pa mitundu yosiyanasiyana ya galimoto.

P2004 ndi P2005 amanena kuti tizitseko takanirira kotsegula, pamene P2006 ndi P2007 amanena kuti takanirira kotseka. P2008, P2009 ndi P2010 amakhudza mawaya oyendetsa solenoid kapena mota ku bank 1: yoyambayo ndi ya njira yoduka, yachiwiri ndi ya mphamvu yotsika (circuit low), yachitatu ndi ya mphamvu yokwera (circuit high). P2011 mpaka P2013 ndi omwewo ku bank 2. Kuyambira P2014 mpaka P2018 nkhani ndi ya sensa ya ku bank 1, ndipo P2019 mpaka P2023 ndi ya sensa ya ku bank 2. Bank 1 ndi mbali imene kuli silinda nambala 1. Injini ya masilinda ondandalika mzere umodzi nthawi zambiri imakhala ndi bank 1 yokha pa nkhani ya tizitsekoyi.

Kusiyanitsa magulu atatuwa kumapulumutsa nthawi yambiri. Khodi ya kukanirira imatanthauza kuti kompyuta inalamula koma tizitseko sitinamvere, ndipo chifukwa chake chikhoza kukhala mwaye, paipi ya vakyumu yong'aluka kapena kamkono kothyoka. Khodi ya P2008 mpaka P2013 ndiyo ya magetsi enieni, ndipo kutsuka manifodi sikungaichotse ngati waya ali woduka.

Khodi yatchula kale chigawo chimene chavuta. N'chifukwa chiyani ndisangogula china n'kuikapo?

Chifukwa khodi sitchula chigawo chowonongeka. Imatchula njira ya magetsi imene kompyuta yaona zachilendo. Njira imeneyo imayambira ku batire, kudutsa pa fyuzi ndi relay (swichi yoyatsidwa ndi magetsi), kutsata waya mpaka pa soketi, kulowa m'koyilo (waya wokulungidwa wa mkati) ya solenoid, kutuluka ndi waya wina, n'kukathera mkati mwa kompyuta. Paliponse pamene pangaduke pa ulendo wonsewu, khodi idzakhala yomweyo kapena inzake yapafupi. Solenoid ndi malo amodzi chabe mwa malo asanu ndi awiri kapena kuposerapo.

Ine ndimaona kuti kugula chigawo musanayeze n'kulakwira mwini galimoto, ngakhale zitachitika kuti mwalasa. Mukaphonya, ndalama zapita, vuto likadalipo, ndipo tsopano pali chokayikitsa china, chifukwa chigawo chatsopanocho nachonso chikhoza kukhala chosayenerera injiniyo. Kuyeza kwa mphindi makumi awiri kumayankha funso limene kugula sikungayankhe.

Ndi zida ziti zofunika?

Pamafunika multimeter ya digito (chida choyezera magetsi), babu loyezera, timapini toonda tolowetsa kumbuyo kwa soketi, ndi makina owerengera makhodi, makamaka amene amatha kuonetsa manambala injini ikulira ndiponso kulamula solenoid kuti iyake. Kapampu ka m'manja ka vakyumu kamathandiza pa dongosolo la vakyumu. Koma chofunika koposa zonsezi ndi chithunzi cha mawaya cha galimoto yeniyeniyo, ya chaka chomwecho ndi injini yomweyo, chifukwa mitundu ya mawaya ndi manambala a mapini amasintha ngakhale pa galimoto za dzina limodzi.

Ndiyambire pati?

Musafufute makhodi poyamba. Alembeni onse, pamodzi ndi zimene kompyuta inasunga pa mphindi imene vuto linachitika, zomwe makina amazitchula kuti freeze frame: liwiro la injini, kutentha kwake ndi mphamvu ya batire. Ngati khodi inabwera injini itatentha kwambiri, ganizirani koyilo imene imaduka ikatentha. Ngati inabwera poliza injini batire lili lofooka, vuto likhoza kusakhala la manifodi n'komwe. Batire labwino limaonetsa pafupifupi 12.6 V injini itazima, ndipo injini ikulira mphamvuyo imakwera kufika cha m'ma 14 V.

Yang'anani makhodi anzake. Solenoid ya tizitseko kawirikawiri imagawana fyuzi ndi zinthu zina, monga valavu ya nthunzi ya petulo kapena zotenthetsera masensa a ku ekizozi. Makhodi a magetsi atatu kapena anayi akabwera pamodzi, sizitanthauza kuti zigawo zinayi zafa tsiku limodzi. Pitani ku fyuzi ndi ku waya amene amazidyetsa zonse. Fyuzi ikapezeka yopsa, funsani chimene chaipsereza, chifukwa yatsopano idzapsanso ngati pali shoti.

Kenako gwiritsani ntchito maso ndi zala. Zulani soketi, muiunike ndi tochi. Mapini abwino amawala ndipo amagwira zolimba. Pini imene yalowa madzi imakhala ndi ufa wobiriwira m'tsinde mwake, ndipo nthawi zina ufawo umakwera mkati mwa chikopa cha waya mtunda wa chala chonse, moti mukasenda mumapeza kopa wakuda amene amathothoka. Pini ina imabwerera m'mbuyo mukamalowetsa soketi, kunja n'kumaoneka ngati zonse zakhala bwino. Tsatirani mtolo wa mawaya ndi dzanja, makamaka pamene ukukhudza chitsulo, pamene wapindika kwambiri, ndi pamene wayandikira malo otentha. Makoswe nawonso amadya mawaya a galimoto imene yakhalitsa osayenda.

Kodi solenoid ya mawaya awiri imayezedwa bwanji?

Choyamba mvetsani mmene imalumikizidwira. Pa galimoto zambiri waya mmodzi amakhala ndi 12 V nthawi zonse kiyi akatembenuzidwa, ndipo kompyuta imayatsa solenoid polumikiza waya wachiwiriyo ku earth, ndiko kuti ku mbali ya negativi ya batire. Kompyuta situmiza magetsi ku solenoid. Imangowatsegulira njira yobwerera. Amene sadziwa zimenezi amayeza waya wa ku kompyuta soketi itazulidwa, osapeza 12 V, n'kuweruza kuti kompyuta yafa, pamene ili bwinobwino.

Zulani soketi, tembenuzani kiyi osaliza injini, ndipo yezani pini ya chakudya, yobweretsa 12 V ija, poyerekeza ndi nsonga ya negativi ya batire. Payenera kukhala mphamvu yofanana ndi ya batire. Pa galimoto zina relay imazima pakapita masekondi ochepa injini ikapanda kulira, choncho mukapeza ziro, yezaninso injini ikulira musanagamule.

Zimitsani kiyi, muyeze ma-ohm (muyezo wa mmene koyilo ikutchingira magetsi) pa mapini awiri a solenoid yeniyeniyo. Ma solenoid oterewa amakhala ndi ma-ohm makumi ochepa, koma nambala yeniyeni itengeni m'buku la wopanga. Multimeter ikaonetsa OL, koyilo ndi yoduka. Ikaonetsa ma-ohm awiri kapena atatu pamene buku likunena makumi atatu, koyilo yachita shoti mkati. Kusiyanaku kuli ndi tanthauzo lalikulu: koyilo ya ma-ohm 30 imakoka 0.4 A pa 12 V, pamene ya ma-ohm 3 imakoka 4 A, ndipo magetsi ochuluka chotere amachititsa kompyuta kudziteteza pozimitsa njirayo, kapena amapsereza kachigawo kake koyatsira. Kumbukirani kuti koyilo ina imayezeka bwino ikazizira n'kuduka ikatentha, choncho ngati freeze frame inaonetsa injini yotentha, yezaninso mutangozimitsa injini.

Tsopano bwezerani soketi ndipo lowetsani kapini kumbuyo kwa waya wa ku kompyuta. Musabowole chikopa cha waya, chifukwa kabowo kameneko kadzalowetsa madzi ndipo pakatha chaka padzakhala vuto latsopano. Solenoid isanayatsidwe, waya ameneyu ayenera kuonetsa pafupifupi 12 V, chifukwa mphamvu ya batire imadutsa m'koyilo n'kudzaima pakhomo pa kompyuta. Lamulani solenoid ndi makina, kapena kwezani injini mpaka pamene tizitseko timasinthira. Mphamvu iyenera kugwa kufika pafupi ndi ziro, ndipo chala chanu chikakhala pa solenoid chidzamva kakugunda. Kuyeza kumodzi kumeneku kumatsimikizira fyuzi, waya wa chakudya, koyilo, waya wa ku kompyuta ndi kompyutayo pa nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake ndimakukonda kuposa kwina konse.

Nanga mawu akuti circuit low ndi circuit high akutanthauza chiyani kwenikweni?

Kompyuta imayang'anira waya amene tangomuyeza uja. Solenoid ikakhala yozima imayembekezera 12 V; ikapeza ziro, imalemba kuti mphamvu yatsika, ndiyo P2009. Zimenezi zimachitika waya akakhudza chitsulo cha injini, ndiponso pa galimoto zina fyuzi ikapsa kapena koyilo ikaduka. Solenoid ikayatsidwa imayembekezera ziro. Ikapezabe mphamvu yokwera, imalemba P2010, ndipo apa muganizire waya amene wakhudzana ndi wina wa 12 V kapena koyilo ya shoti. Opanga amasiyana pang'ono: waya woduka amabweretsa P2008 pa galimoto ina, P2009 pa inzake. Pa chifukwa chimenechi khodi ikuuzeni koyambira, koma multimeter ndiyo itsirize.

Multimeter ikuonetsa kuti waya ali bwino, koma vuto silikutha. Zikutheka bwanji?

Zikutheka, ndipo apa mpamene amakaniko ambiri odziwa ntchito amasokonezekera. Waya wa galimoto amapangidwa ndi timawaya tambiri takopa. Tonse titaduka n'kutsala kamodzi, multimeter idzalirabe kusonyeza kuti njira ilipo, ndipo idzaonetsabe 12 V, chifukwa iyo imakoka magetsi ochepa zedi poyeza. Koma solenoid kapena mota ikafuna magetsi enieni, kawaya kamodziko sikakwanitsa, ndipo mphamvu imathera panjira.

Njira yake ndi kuyeza waya ali pantchito. Zulani soketi mbali zonse ziwiri, ya ku kompyuta ndi ya ku solenoid, kuti waya akhale payekha. Kenako dutsitsani magetsi a batire m'wayayo kudzera m'babu la 21 W, limene limakoka pafupifupi 1.75 A, mutaika fyuzi yaing'ono pa waya wanu woyezera. Babu likawala mokwanira, waya ndi wamoyo. Likawala mofiira ngati khala lotsala pang'ono kuzima, waya kapena pini yadyeka penapake. Mukhozanso kuika multimeter kunsonga ziwiri za waya yemweyo magetsi akuyenda, kuti muone mphamvu imene ikutayika. Pa waya wabwino imakhala tizigawo tochepa ta volti imodzi. Chenjezo lake ndi lakuti babu lotere lisalumikizidwe ku waya amene akadali wolumikizidwa ku kompyuta, kapena ku waya wa 5 V wa masensa.

Nyali imayaka lero, mawa n'kuzima yokha. Ndingagwire bwanji vuto lotere?

Vuto lobwera n'kupita limafuna kuleza mtima. Lumikizani multimeter kumbuyo kwa soketi, lizani injini, ndipo gwedezani mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo, maso ali pa manambala. Yambirani pa soketi yeniyeniyo, chifukwa waya amakonda kudukira mkati mwa chikopa pamalo pamene akutuluka m'soketi, pamene kunjenjemera kwa injini kumamupinda tsiku ndi tsiku. Mukakoka waya wotere pang'ono, chikopa chimatanuka ngati mphira pamalo podukapo. Multimeter yokhala ndi batani la MIN/MAX imasunga kugwa kwa mphamvu kumene diso silingathe kuona.

Khodi yanga ndi P2015. Kodi sensa ndiyo yafa?

Mwina, koma kawirikawiri sensa imakhala ikunena zoona. Sensa ya malo imakhala ndi mawaya atatu: wa 5 V wochokera ku kompyuta, wa earth, ndi wa uthenga, amene mphamvu yake imayenda pakati pa 0.5 V ndi 4.5 V kapena chapafupi pamenepo. Yezani 5 V ndi earth poyamba. 5 V ikasowa, kumbukirani kuti masensa angapo amamwera pa waya mmodzi, ndipo sensa ina yakutali ikachita shoti imagwetsa onse. Azuleni mmodzimmodzi mpaka 5 V itabwerera. Kenako yendetsani kamkono ndi dzanja, ngati kapangidwe kake kakulola, mukuyang'ana waya wa uthenga. Mphamvu ikwere ndi kutsika mosadumpha. Ikadumpha pakati, sensa yadyeka.

P2016 ndi P2017 zimaloza ku mawaya kapena sensa, koma P2015 imanena kuti nambala yabwera, kungoti si imene kompyuta imayembekezera. Pa injini za dizilo za 2.0 TDI za Volkswagen ndi Audi, vuto lodziwika ndi lakuti poimira kamkono pamadyeka, mota n'kumapitirira malire ake, ndipo kompyuta imalemba P2015 ngakhale mota ndi mawaya zili bwino. Pa injini zopopera petulo mwachindunji m'silinda, ndi za dizilo zokhala ndi EGR (dongosolo lobwezera utsi wina wa ku ekizozi m'manifodi), mwaye wosakanikirana ndi nthunzi ya oilo umaundana pa tizitseko mpaka timalephera kufika kumapeto. Apa magetsi alibe mlandu.

Kodi ndingalumikize mota ya tizitseko ku batire kuti ndione ngati ikuyenda?

Musatero musanaone chithunzi cha mawaya. Mota zina zimayendetsedwa ndi mawaya awiri ochokera ku kompyuta, imene imasinthanitsa positivi ndi negativi kuti mota ipite kutsogolo kapena m'mbuyo. Zina zili ndi kabodi kawokawo mkati ndipo zimangolandira uthenga wofooka. Mukaika 12 V pa pini ya uthengayo, mwaipha. Ngakhale pa mota yosavuta, magetsi a batire amaikankha mwamphamvu mpaka kumapeto ndipo mano a magiya apulasitiki amatha kuthyoka. Kulamula kudzera m'makina ndiko kotetezeka. Dziwaninso kuti kompyuta imayendetsa mota zotere poyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri, moti multimeter imaonetsa nambala yapakati, monga 5 V kapena 6 V, ndipo zimenezi si vuto.

Musanaike mota yatsopano, chotsani kamkono ndipo tembenuzani shafiti ndi zala. Ikakhala yolimba, mota yatsopanoyo idzalimbana ndi mwaye womwewo umene unapha yakale.

Ndi liti pamene tinganene kuti kompyuta ya injini ndiyo yawonongeka?

Pamapeto penipeni. Chakudya cha 12 V chikhale chotsimikizika, koyilo ikhale m'malire a buku, mawaya onse apirire babu, 12 V ifike mpaka pa pini ya kompyuta yeniyeniyo, mawaya a chakudya ndi a earth a kompyutayo akhale abwino, ndipo lamulo liperekedwe koma mphamvu isagwe. Zonsezi zikachitika, kachigawo koyatsira ka mkati kakhoza kukhala kopsa. Dziwani kuti makompyuta ena amakana kuyatsa njira imene ili ndi khodi mpaka khodiyo itafufutidwa, choncho fufutani ndipo yesaninso. Mukatsimikiza, pezani chimene chinaipsereza musanaike ina, chifukwa koyilo ya shoti idzapsereza yatsopanoyo mofananamo.

Kodi galimoto ingayendebe nyali ili chiyakire?

Pa vuto la magetsi lokha, nthawi zambiri imayenda, ngakhale mphamvu imachepa ndipo galimoto zina zimadzichepetsera liwiro. Choopsa ndi chakuti nyali yoyaka kale singakuchenjezeni za vuto lina latsopano. Koma mukamva kugogoda m'manifodi, kapena shafiti ikugwedera, musachedwe, chifukwa kachitseko kapena kasikuluwu kakathothoka kamakokedwera m'silinda ndipo kamawononga pisitoni ndi mavalavu. Nyali ikamaphethira m'malo moyaka chikhalire, imeneyo ndi nkhani ya kuphonya kwa moto m'silinda, ndipo galimoto iyenera kuimitsidwa msanga.

Ndakonza. Ndingatsimikize bwanji kuti vuto latha?

Ngati munalumikiza waya woduka, malowo atsekedwe ndi kachubu kofota ndi kutentha kokhala ndi guluu mkati, ndipo mtolo umangidwe kutali ndi chitsulo chimene chinaudya. Ngati munasintha mota, sensa kapena manifodi, onani ngati galimotoyo imafuna kuphunzitsidwa malire a tizitseko kudzera m'makina, monga zimafunikira pa injini zina za Volkswagen. Popanda zimenezi khodi ikhoza kubwerera chigawo chili chatsopano. Fufutani makhodi, ndipo yendetsani galimoto mofanana ndi zimene freeze frame inaonetsa, injini itafika pa kutentha komweko ndi liwiro lomwelo. Makhodi ambiri sayatsa nyali mpaka vuto litaoneka pa maulendo awiri otsatizana, choncho nyali yozima pa ulendo woyamba si umboni wokwanira. Lumikizaninso makina mukabwerako ndipo yang'anani pamene palembedwa pending, chifukwa khodi imene ikufuna kubwerera imayamba kuonekera pamenepo nyali isanayake.